Kachipewa Kamene Mkamwini Sanavule

Lachiwiri, pa 14 Okutobala, bwana wa tayi wa m'sitolo yaikulu ya zamagetsi anauza Aphunzitsi kuti ampulifaya yawo, makina okweza mawu a m'masipika, yafa. Sanaitsegule. Sanamasule ngakhale sikuluwu imodzi. Anangoisuzumira kumbuyo monyansidwa, n'kunena kuti, “Madala, zinthu zimakalamba ngati anthu. Tayani, mugule yatsopano.”

Aphunzitsi, amene anaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu ndi zinayi asanapume pantchito, anabwerera kunyumba n'kulemba mawuwo m'kope lawo lakuda. Kope limenelo ndi la milandu. Muli mnansi amene anadula mtengo wa m'malire, muli dalaivala amene anawathira matope, ndipo tsamba lomaliza linali la mkamwini wawo.

Mkamwiniyo ndiye anayambitsa zonse. Anabwera ndi chingwe chatsopano cholumikizira wailesi ya kanema ku ampulifaya, chingwe chosayenda magetsi koma kuwala. Kunsonga kwake kumakhala kachipewa kapulasitiki kotchinga fumbi, koyenera kuvulidwa kaye. Iye sanakaone. Chingwe chitakana kulowa m'kabowo kake, anachikankha ndi mphamvu za munthu wofuna kuoneka wanzeru kwa apongozi. Kunamveka kuti thyo! Kuyambira pamenepo masipika anati zii.

Chikanakhala chinthu chongosangalatsa, Aphunzitsi akanangolemba mlandu n'kuiwala. Koma akazi awo maso anachita khungu zaka zitatu zapitazo, ndipo makutu nawo akulemera. Timawu ta m'wailesi ya kanema satimva. Amamva masipika aakulu okha. M'mawa uliwonse ankakhala pampando wa pawindo kumvera nkhani ndi nyimbo, uku akutsutsana ndi owulutsa mawu. Masipika atakhala chete, iwonso anakhala chete. Masiku asanu ndi anayi sanatuluke m'chipinda. “Ndikatani kubalaza?” ankatero. “Kukamvera mukutsokomola?” Ampulifaya yatsopano sakanaifuna n'komwe, chifukwa mabatani a yakaleyi zala zawo zinawaloweza ngati pemphero.

Anali wometa tsitsi wa pangodya amene anati, “Pitani nayo kwa Adokotala.”

Adokotala si dokotala wa anthu. Ndi mayi wa zaka zopitirira makumi asanu, wokonza mawailesi m'kachipinda ka pansi pa masitepe, pakati pa telala ndi wodula makiyi. Kachipindako n'kopapatiza moti munthu ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri. Mashelefu adzaza ndi makina akufa, aliyense ali ndi kapepala kofotokoza chimene chatsala chamoyo m'kati mwake. Iwo amati kumeneko ndi kumochale.

Bambo awo anali wokonza mawotchi m'kachipinda komweko. Maso a bambowo atayamba kufooka, mwana wamkazi anasiya sekondale chaka chachiwiri kuti akhale maso awo. Bambo ankanena, mwana n'kumagwira. Mawotchi atatha ntchito anasamukira ku mawailesi, kenako makaseti, kenako chilichonse chokhala ndi bolodi la tizipangizo ta magetsi m'mimba. Palibe anawapatsa setifiketi. Anaphunzira pomasula zakufa n'kufunsa kuti zinafa ndi chiyani. Amuna awo, kondakitala wa basi, anakwera basi ina osabweranso. Ana atatu anakulira pansi pa tebulo lomwelo akusewera ndi timasikuluwu, ndipo lero mmodzi ndi namwino.

Aphunzitsi anaika ampulifaya patebulo n'kuyamba kufotokoza mlandu wonse, kuyambira tsiku limene mkamwini anafunsira mwana wawo.

“Bambo, wodwala ndi uyu kapena mkamwini?” anafunsa Adokotala. “Mkamwini sindikonza.”

Anatsitsa galasi lokulitsa zinthu, anawalitsa tochi m'kabowo, n'kuseka. “Eee, alowa m'nyumba ya eni ndi chipewa kumutu! Mwanoo!”

Ndi kopanira nsidze anatulutsa kachipewako, kataphwanyika. Kenako kachitseko kakang'ono ngati chikhadabo cha khanda, kamene kamatseka kabowoko chingwe chikachoka. Kenako kasipuling'i kowonda kuposa tsitsi. Zonse anazindandalika pa kansalu koyera.

“Basi yachira?” anafunsa Aphunzitsi.

“Musathamange. Wothyola chitseko amagwedezanso mafelemu.”

Anamasula chivundikiro, masikuluwu n'kuwaika m'chivindikiro cha botolo motsatana ndi mmene anachokera. Anatembenuza bolodi n'kuwaitana kuti ayang'ane pagalasi. Kabowo kaja kanali kanyumba kakuda koima ndi miyendo itatu, ndipo mwendo uliwonse unali ndi mng'alu wozungulira pamtovu wake. Diso la m'kati, lolandira kuwala, linali litakandika.

“Aka kapita,” anatero. Anadzuka, anayenda ndi chala pamashelefu akuwerenga timapepala, n'kutsitsa makina afumbi. “Awa anafa ndi mphenzi zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, koma diso lawo ndi langwiro. Ndinkadziwa kuti mwini wake abwera.”

Aphunzitsi anaonapo manja ambiri: a ana olemba mayeso, a madokotala enieni amene anawang'amba bondo. Manja ngati awa anali asanawaone. Zala zake zonenepa, za zipsera za moto, zala zoti ungaganize kuti sizingathe kulowetsa ulusi pasingano. Koma zitagwira chitsulo chowotcherera zinasanduka zina. Nsonga inakhudza mwendo, mtovu unanyezimira, mpopi waung'ono unauyamwa kuti fyo. Katatu. Kanyumba kakale kanagwa kokha ngati dzino la mwana. Kochotsedwa m'makina a mphenzi aja kanakhala m'malo mwake, madontho atatu owala, ofanana ngati obadwa tsiku limodzi. Nthawi yonseyi mayiyo sanapume mokweza, ndipo Aphunzitsi anadzipeza atavula chipewa chawo.

Adokotala analumikiza chingwe china choterocho kumakina awo oyesera, anachikulunga katatu padzanja lawo, nsonga inayo n'kuilozetsa pachikhatho cha Aphunzitsi. Panaoneka kadontho kofiira.

“Nyimbo yanu ndi imeneyo.”

“Iyi?”

“Imeneyo. Kakuthima ndi kuyaka, koma mofulumira moti diso likuona ngati kangokhala. Oyimba onse ali mmenemo, ndi ng'oma zawo.” Anamwetulira. “Munatiphunzitsa kuti kuwala kumayenda chowongoka, sikukhota. Onani kwazungulira dzanja langa katatu.”

Aphunzitsi anakweza mutu.

“Simungandikumbuke, ndinkakhala kumbuyo pafupi ndi tsache. Ndinafunsa ngati kuwala kungadutse m'paipi yopindika, kalasi yonse inaseka. Pa lipoti munalemba kuti, ‘Alibe mutu wa sayansi.’”

Aphunzitsi anayang'ananso kadontho kofiira kaja. Anafuna kufotokoza kuti kuwalako kumagundagunda m'makoma a chingwe, kuti lamulo silinathyoke, koma anaona kuti mayiyo akuzidziwa kale, ndi zala zomwe.

“Lipotilo munalisunga?” anafunsa motsitsa.

“Ndisungirenji? Bambo anakulungira mawotchi. Ine ndimasunga zokhazo zimene zingadzagwire ntchito.”

Analowetsa chingwe m'kabowo katsopano. Kanalira kuti kete, mofatsa, ndipo sipika ya pashelefu inatsegula kukhosi. Telala wa khomo linalo anakuwa kuti, “Adokotala, mwadzutsanso wina?”

Masana omwewo Aphunzitsi analumikiza okha zonse, kachipewa ka mbali inayo atayamba akavula. Anatsegula nkhani za masana n'kuima pakati pa balaza. Mphindi inapita. Kenako chitseko cha kuchipinda chinalira, dzanja linayenda pakhoma mpaka pampando wa pawindo, n'kupitirira kukapeza batani lachitatu.

“Abambo, mwakweza kwambiri, mukufuna kundigonthetseratu?” anatero akazi awo. Anakhala pansi, anatchera khutu, n'kuyankha wowulutsa mawu uja kuti, “Bodza limenelo!”

Aphunzitsi anatenga kope lakuda. Pambuyo pa tsamba la mkamwini ndi la bwana wa tayi anatsegula tsamba lina, pamwamba n'kulembapo dzina lawo lomwe, ndi chaka cha lipoti lija. Atatero anatenga pepala loyera, chifukwa munthu kudzipeza wolakwa sikufafaniza milandu ya ena, ndipo analembera bwana wa tayi uja:

“Pa 14 Okutobala munati ampulifaya yanga yafa, musanaitsegule. Mayi wa pansi pa masitepe waidzutsa ndi madontho atatu a mtovu, ndipo pano ikuyimba. Inenso ndinaweruzapo chinthu ndisanachitsegule, zanga ndikayankha kwa mwini wake. Inu ndiyankheni ine, polemba, sabata ino isanathe: ndi zingati zamoyo zimene mwauza anthu kuti ataye?”