Maso a Zgambo, Makutu a NyaSoko

A Stafford Zgambo anayamba ntchito ali mnyamata ku nkhalango ya Luwawa, komwe ankanola masowo a makina ochekera matabwa. Ntchitoyo inawasiyira maso akuthwa, otha kuona dzino limodzi lopindika pa sowo yonse, koma inawalanda makutu. Pomwe ankawachotsa ntchito, ulamuliro wa zipani zambiri utangoyamba kumene, munthu wofuna kuwapatsa moni ankayenera kuima kumanzere kwawo n'kukweza mawu ngati akuitana ng'ombe.

Anasamukira ku Mzimba boma ndi akazi awo a Modester, amene aliyense amangowatchula kuti NyaSoko. Anapeza katebulo ndi kagalasi kokuzira zinthu, n'kukhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi depoti, kumakonza mawotchi. Zinkayenda ndithu mpaka mafoni am'manja atabwera. Mawotchi anatha pamikono ya anthu.

"Masiku ano munthu akuonera nthawi pa chinthu chomwecho chimene akunamirapo kuti wangotsala pang'ono kufika," ankadandaula motero a Zgambo.

Nthawi imeneyo kunayamba kubwera mayi wina wa ku Lilongwe, dzina lake Victoria Kamwendo, amene ankagula ndalama zakale zasiliva n'kumakagulitsa kwa anthu okonda kusunga zinthu zotere. Ku Mzimba zinalipo. Madoda amene anapita ku Joni ndi ku Halale kalekale anabwera nazo m'masutikesi, ndipo zidzukulu zinkazipeza m'zitini za tiyi: matiki, masheleni, ndi chindalama chachikulu chija chokhala ndi kagwape kumbuyo. Mayi Kamwendo anabwereka kagalasi ka a Zgambo kuti awerenge chaka pa sheleni ina, koma a Zgambo anali atawerenga kale ndi maso okha, n'kuwonjezera kuti khutu la mfumu ya pa ndalamayo linali litafufutika. Mayiwo anakhala pansi. Anawaphunzitsa zomwe ankadziwa, zina a Zgambo anazitola okha.

Posakhalitsa pakhondepo panayamba kubwera anthu ochokera ku Euthini, ku Embangweni, ngakhale ku Lundazi. A Zgambo ankayamba ndi maginito amene anachotsa m'sipika ya wailesi yakufa. Ndalama ikamatirira, nkhani yathera pomwepo. Ikapanda kumatirira ankaiika pa kasikelo, kenako n'kuvala kagalasi. Ankayang'ana tsitsi la mfumu ngati likuonekabe, timizere ta m'mphepete ngati tili tofanana, ndiponso ngati pankhope palibe timaenje tonga mchenga, chizindikiro chakuti wina anaiumba kuseri kwa nyumba. Chimene chinkawapweteka mtima ndi ndalama yokwechedwa. Anthu ankaitsuka ndi phulusa kapena ndimu kuti iwale, osadziwa kuti akuchotsa mtengo wake.

"Mwaisambitsiranji, amama? Ikupita ku ukwati?" ankafunsa.

Koma panali muyeso umodzi umene sakanautha. Siliva weniweni ukamuika pansonga ya chala n'kumugogoda, amalira motalika. A Zgambo ankagogoda, osamva kanthu. Tsiku lina NyaSoko, amene ankagulitsa mandasi pakhonde lomwelo ndipo anali woyambitsa nyimbo m'kwaya ya kutchalitchi, anatembenuka ali chikazingire.

"Iyo mwagogoda poyambayo ikuyimba. Yachiwiriyi ili ndi chimfine."

Kuyambira pamenepo ntchito anaigawana. A Zgambo ankaona, n'kugogoda, kenako n'kuyang'ana kwa akazi awo. NyaSoko akagwedeza mutu, a Zgambo ankalengeza chigamulo ndi mawu aakulu ngati woweruza milandu.

Vuto linabwera chifukwa cha mawu aakuluwo. Munthu wosamva sadziwa kuti akufuula. Tsiku lina mphunzitsi wina anawafunsa chinsinsi chawo, ndipo a Zgambo, poganiza kuti akunong'ona, anayankha kuti: "Ni luso lwane, adada, langa ndekha. Amayiwa amangondisungira mpando." Anamva ndi anthu a kutsidya kwa msewu omwe.

NyaSoko nawo anamva. Anagulitsa mandasi onse, n'kutsuka beseni. M'mawa mwake anakwera minibasi kupita ku Champhira, akuti kukathandiza mng'ono wawo kukumba kachewere. Sananene tsiku lobwerera.

Mlungu womwewo kunafika a Pearson Gausi, mnzawo wa a Zgambo kuyambira ku Luwawa, amene ankagwira ntchito ya m'dimba ku Joni. Anabwera atavala jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo, n'kukhuthula patebulo kathumba ka zindalama za kagwape. Anazigula kwa munthu wina pamsewu, amene anati zinali za agogo a bwana wake.

Maginito sanagwire. Sikelo inasonyeza kupepuka pang'ono, koma ndalama yakale imatha kuperepeseka. Kagalasi kanaonetsa ntchito yooneka bwino, mwina bwino mopitirira. A Zgambo anaika imodzi pachala, anagogoda, n'kutembenukira kumene kunkakhala beseni la mandasi. Kunali galu atagona. Anthu anali ataunjikana. A Zgambo anapendeketsa mutu ngati akumvetsera, anatsinzina, n'kunena kuti: "Siliva."

A Gausi anawagulira tiyi wamkaka ndi sikono, n'kunena kuti akwera basi yamasana kupita nazo kwa mayi Kamwendo. Atachoka, sikonoyo inatsala patebulo yosadyedwa. A Zgambo anaganiza za mnzawo akutsika ku Lilongwe ndi jekete lake, mayi Kamwendo akugogoda ndalama imodzi n'kufunsa kuti, kodi wakuuzani ndani? Anatseka tebulo, n'kuthamangira ku depoti. Anawapeza a Gausi atakhala kale pampando wakutsogolo.

"Pearson, tsika. Ine sindinamve kanthu. Ngakhale ukanagogoda belu la sukulu sindikanamva."

"Nanga zaka zonsezi?"

"Makutu ali ku Champhira."

A Gausi anaseka mpaka kondakitala anawafunsa ngati ali bwino. Sanatsike. Anangosendera, n'kuwauza a Zgambo kuti akwere, akatsikira limodzi pa Jenda. Kuchokera pa Jenda anakwera kabaza, madoda awiri aliyense panjinga yake, a Zgambo atanyamula paketi ya shuga imene anagula pamsika.

Anawapeza NyaSoko m'munda, ali ndi mng'ono wawo. NyaSoko analandira moni wa a Gausi mwaulemu, kufunsa za ku Joni, za ana, za kuzizira kwa kumeneko. Kenako anatembenukira kwa amuna awo n'kufunsa:

"Mwabwera ndi mpando uja ndikusungireni?"

"Ndapota, NyaSoko," anatero a Zgambo, ndipo ulendo uno kufuula kunawathandiza, chifukwa anamva ndi a m'munda woyandikana nawo. "Pakamwa panga panalakwa. Ine ndine maso chabe."

NyaSoko anamaliza kaye mzere umene ankakumba. Kenako anapukuta manja pachitenje, anakhala pa thumba la kachewere, n'kuuza amuna awo kuti agogode imodziimodzi. Yoyamba inangoti phwa. Yachiwiri chimodzimodzi. Ankapukusa mutu osayang'ana n'komwe, maso ali kumapiri. Chakumapeto imodzi inalira kamawu kowonda, kotalika, ndipo NyaSoko anakweza chala.

"Iyo yokha. Zinazi n'zoyimba pamaliro."

A Zgambo ataiyang'ananso bwino ija inalirayo, anaona kuti inali yakuda, yoperepeseka m'mphepete, yosiyana ndi zinzake zonyezimira. A Gausi anakumbukira kuti ndi imene wogulitsa uja anawapatsa kuti aigwire poyamba. Anakanda m'mutu.

"Yewo chomene, mulamu," anatero. "Mbwenu mwandipulumutsa ulendo wa ku Lilongwe."

NyaSoko sanabwerere tsiku lomwelo. Anati kachewere sanathe, ndipo madoda awiri amphamvu abwera okha. A Gausi anavula jekete. Anakumba mpaka dzuwa kupendeka, a Zgambo akudandaula za msana, mng'ono wa NyaSoko akuwasonyeza amene amudula ndi khasu.

Atabwerera ku boma, pakhonde paja panasintha zinthu pang'ono. NyaSoko anasiya kukhala kumbali. Amakhala patebulo penipeni, ndipo chigamulo amalengeza ndi iwo, motsitsa mawu, moti anthu amachita kuwerama kuti amve. Mandasi amakazinga m'mawa okha.

Ndalama yeniyeni ija a Gausi sanaigulitse, anapatsa mwana wawo wamkazi. Zabodzazo anapita nazo kwa wowotcherera zitsulo kuti aziboole, n'kuzisokerera pa lamba wawo wovinira ingoma. Akabwera pa tchuthi cha Khirisimasi amavina nazo kumudzi kwawo, zikung'anima padzuwa, ndipo achinyamata amanong'onezana kuti mdala uja ku Joni zinamuyendera. Iwo sawatsutsa.