Msoko Umene a Mano Anafafaniza

Anthu a mumsewu wathu amawatchula a Mano, ndipo iwo sadandaula, poti mano ndiwo awadyetsa zaka makumi atatu ndi mphambu zake. Si dokotala ayi. Dokotala amazula mano m'chipinda cha pansi, iwo amakhala m'kachipinda ka pamwamba, konunkha phula ndi pulasitala, n'kumapanga mano oikirira a anthu amene sanawaonepo nkhope. Chimene chimakwera masitepe kufika kwa iwo ndi chikombole cha m'kamwa basi, ndi kapepala ka dokotala. Lamulo la ntchito yawo ndi limodzi: pamene dzino lopanga lakumana ndi nkhama pasaoneke, ndipo lilime lisamvepo kanthu. Munthu akaseka pagulu anzake n'kuzindikira kuti manowo ndi oikirira, ndiye kuti a Mano alephera.

Kunyumba ali ndi ntchito ina yosawadyetsa. Kuseri kwa khitchini kuli kachipinda kamene omanga nyumba ankati n'kosungiramo katundu. Mmenemo muli tebulo, galasi lokuza zinthu, ndi mabokosi osanjikizana mpaka kudenga. M'mabokosimo muli tindege ta pulasitiki, tija timabwera tili zidutswazidutswa kuti mwiniwake alumikize yekha ndi guluu. Anthu ena amatsatira pepala la malangizo mpaka kandege katafanana ndi chithunzi cha pachivundikiro. A Mano pepalalo amawapatsa akazi awo kuti aziyala m'kabati. Iwo amatenga thupi m'bokosi ili, mapiko m'bokosi ilo, matayala kwinanso, n'kudula ndi kamacheka kopyapyala ngati lezala mpaka patatuluka ndege imene fakitale ina iliyonse sinaiganizepo.

Poyamba zinkawachititsa manyazi. Tindegeti tili ndi misinkhu yake: tina anatichepetsa ka 48 poyerekeza ndi ndege yeniyeni, tina ka 72. A Mano zimenezi sankazidziwa, ndiye anamata timapiko ta 72 pa chithupi cha 48. Akazi awo atasuzumira anagwira pakamwa.

"Koma bambo, nkhuku imeneyi yakulakwirani chiyani kuti muimete nthenga chonchi?"

A Mano anaseka nawo, koma sanasiye. Akazi awowo ankadziwa chifukwa chake, n'chifukwa chake ngakhale fumbi la pulasitiki linkalowa mpaka m'shuga, sankalankhula zambiri.

Chifukwacho chinali chithunzi chimodzi, chaching'ono, chofwifwa. A Mano anachipeza m'sutikesi ya amayi awo, amayiwo atamwalira. Pachithunzipo panali ndege yopopera mankhwala m'minda, ndipo kutsogolo kwake, pamene phiko limakumana ndi thupi, panaima mwamuna wovala ovolosi, nkhope yake itabisika mumthunzi wa chipewa. Amenewo anali bambo awo, makaniko wa ndege, amene anadwala n'kumwalira kutatsala miyezi iwiri kuti a Mano abadwe. Ndege ya pachithunziyo sinali yogula choncho. Pakampani imene bambowo ankagwirako ntchito panali ndege ziwiri zakufa, zapachibale koma zosiyana kukula, ina yothyoka mapiko ndi mphepo, ina yophwanyika thupi. Makanikoyo anatenga mapiko a iyi n'kuika pa thupi la inayo, ndipo inauluka. Ndege yotero simungaipeze m'bokosi lililonse padziko lapansi.

Munthu mmodzi yekha wamoyo ndiye anaionapo ndi maso: achemwali awo a a Mano, owaposa zaka khumi ndi chimodzi, telala wodziwika amene anasoka madiresi a akwati a theka la mzinda. Tsiku lotsegula sutikesilo, a Mano analonjeza.

"Achemwali, ndege iyi ndikupangirani. Mudzaiona itaima patebulo panu."

"Ufulumire, iwe," anatero achemwaliwo. "Maso angawa shuga wayamba kuwadya."

Kufulumira ndi a Mano n'zosayenderana. Thupi analipeza chaka choyamba. Mapiko anasinthana ndi mnzawo wina wa zomwezi, amene anawatumiza pa positi atawakulunga m'sokosi. Mphuno ya ndegeyo inasowa m'mabokosi onse, ndiye anaiumba okha ndi pulasitiki yofiirira ija amapangira nkhama za mano oikirira, n'kuisema ndi kamakina kawo ka kuntchito. Timipope topopera mankhwala anatipinda kuchokera ku waya womangira mano. Koma mutu unawapweteka pamene mapiko anayenera kulowa m'thupi. Poti zinachokera m'mabokosi osiyana, panatsala mpata woti n'kulowa ndodo ya machesi. Anamata phala lotsekera ming'alu, kudikira liume, kukwecha ndi sandipepa, kumatanso, kukwechanso, masabata ndi masabata. Chala sankachikhulupirira. Ankayesa ndi mlomo, monga amachitira ndi mano a anthu, mpaka tsiku lina akazi awo anawapeza akupsompsona ndege.

"Ine zaka zonsezi sindinalandirepo zoterezi," anatero mayiwo akutseka chitseko.

Pamene a Mano ankakwecha, shuga sankagona. Chaka chachiwiri achemwali awo analephera kulowetsa ulusi pasingano, makina osokera anawavundikira nsalu n'kuikapo wailesi. Chaka chachinayi anasiya kuzindikira nkhope, ankadziwa munthu ndi mawu. Chaka chachisanu ankangoona pamene pali zenera. Nthawi zonse a Mano akapita kukawaona, funso linali lomwelo.

"Ndege ija?"

"Yatsala pang'ono, achemwali. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhonoyo ili ndi maso ake. Ine ndikunena angawa."

Tinene zoona, pakuti a Mano eniake masiku ano amavomera: sunali ulesi, ndipo sikunali kudekha. Anali mantha. Ndegeyo inatha kale, yopentedwa chikasu, yonyezimira, koma iwo ankangoisinthasintha, lero tayala, mawa pulopela ija imazungulira kutsogolo. Ankaopa kuti achemwali awo adzaiyang'ana n'kunena kuti si imeneyi, ndiye iwo adzatsala ndi chiyani? Anthu ena bambo awo anawasiyira mawu, ena mbama imene amaikumbukirabe. Iwo analibe ngakhale mbama. Anakula akudziwa kuti munthu wa m'chipewa uja sanawaonepo, sanawagwirepo, sanawatchulepo.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Lachisanu lina masana, a Mano ali mkati mopukuta mano a munthu wina, foni inalira. Anali mwana wamkazi wa achemwali awo.

"Malume, amayi lero afunsa ngati kwacha. Makatani onse ndinali nditatsegula."

A Mano anazimitsa kamakina kawo n'kunyamuka. Atafika kunyumba analowa m'kachipinda kaja osavula jekete. Manyazi anawagwira, oti sanawamvepo chibadwire. Zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo munthu amene anamulonjeza kuti adzaona sadzaonanso. Akazi awo sanawatonthoze ndi mawu. Anabwera ndi bokosi la nsapato ndi thonje, n'kuziika patebulo.

"Basi yoyamba imanyamuka seveni koloko. Malaya ndasita kale."

"Ndikaipereka bwanji kwa munthu wosaona?"

"Mukaipereka ndi manja awiri, ngati mmene anthu amaperekera zinthu."

Achemwaliwo amakhala m'nyumba zosanjikizana, chipinda cha pamwamba, chitseko chachitatu kuchokera pamasitepe. A Mano anawapeza atakhala pampando wawo pafupi ndi makina osokera aja, dzuwa la m'mawa likuwawomba kumaso iwo osaphethira. Mwana wawo anaika madzi akumwa patebulo n'kutsikira kunsi.

"Ndachedwa, achemwali," anatero a Mano.

"Wachedwa, inde. Iwe kuchedwa unayambira m'mimba, amayi anakudikira masabata awiri. Mwana wanga akuti wanyamula bokosi la nsapato, muli nsapato kapena ndege yanga? Bweretsa kuno."

Apa mpofunika kudziwa kuti anthu opanga tindegeti salola munthu kukhudza. Ngakhale iwo eni amanyamula ndi nsonga za zala, atapuma kaye mpweya. A Mano anaitulutsa m'thonje, n'kuiika m'manja mwa achemwali awo monga mmene anawauzira akazi awo. Nthawi yomweyo chala cha mayiwo chinakola kawaya ka wailesi ka pamsana pa ndegeyo, kawaya kamene kanawatengera masiku atatu, n'kumveka kuti thyo!

"Chathyoka chiyani?"

"Palibe, achemwali. Pitirizani."

Zala za telala zinayamba ulendo wake. Zinayambira kumphuno, n'kuima pang'ono. "Eya. Inali yonenepa chonchi, ngati ya nkhumba." Zinatsikira kumatayala, kenako pansi pa mapiko, n'kupeza timipope tija. Mayiwo anaseka. "Apa ndiye pankatuluka mankhwala. Bambo akabwera kunyumba ovolosi yawo inkagona panja chifukwa cha fungo." Mtima wa a Mano unayamba kukhala pansi. Kenako zala zija zinafika pamene phiko lakumanzere limalowa m'thupi. Zinadutsa, n'kubwerera. Zinadutsanso, n'kubwereranso. Nkhope ya mayiwo inachita tsinya.

"Msoko uli kuti?"

"Msoko wanji, achemwali?"

"Pamene analumikiza. Pano pali see ngati patsaya pa khanda."

"Ndinafafaniza," anatero a Mano, kakunyada kakubwerera pang'ono. "Miyezi itatu ndikukwecha. Palibe amene angadziwe kuti mapikowo ndi a ndege ina."

"Ndiye si ya bambo imeneyi."

Mawu amene anawaopa zaka zonse zija anali atagwa. A Mano anatambasula manja kuti ailandire. Koma achemwali awo ndegeyo sanaibweze. Anaifungatira pamiyendo, chala chili pomwepo.

"Pachithunzi chako chija sunauone chifukwa bambo anaima kutsogolo kwake, ankachita nawo manyazi. Apa panali chigamba cha lata, chachitali ngati mkono wanga, chokhomedwa ndi maliveti mizere iwiri. Maliveti ukuwadziwa, timisomali tija amatiphwanya mitu. Amafuna anthu awiri, wina kumenya kunja, wina kugwira chitsulo kuseri kuti msomali uphwanyikirepo. Kampani inali itanena kuti ndegezo zitayidwe, ndiye bambo ankagwira ntchitoyo masiku opuma, wowathandiza panalibe. Ukuganiza kuti chitsulocho ankagwira ndani?"

"Ndani?"

"Amayi. Mimba yako ili apa." Anatambasula dzanja kutsogolo kwa mimba yawo. "Ine ndinkakhala pachitini cha mafuta m'shedi ya ndegezo, ndikuona. Bambo akamenya hamala kuti kho, iwe mkatimo umabweza ndi mwendo. Akamenya kho, iwe dii! Amayi ankaseka mpaka chitsulo kuterereka, liveti n'kupita pambali. Bambo ankaika hamala pansi, kubwera kuseri, n'kuika chikhatho chawo chamafutacho pamimba pa amayi. Amvekere, 'A makaniko, taimani kaye timalize, mudzagwira yanu mukatuluka.' Diresi la amayi linali ndi chidindo cha dzanja lakuda pamimba, silinachoke ndi sopo aliyense. Mzere wapansi unakhota ngati njira ya chidakwa. Unakhotetsa ndiwe."

A Mano anaweramitsa mutu. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, wa imvi m'makutu, analira ngati kamwana, misozi kudontha pa malaya ositidwa aja.

"Simunandiuzepo bwanji?"

"Unandifunsapo? Iwe umafunsa za matayala, za mtundu wa penti. Ndi inenso ndinali nditaiwala, mlongo wanga. Chalachi ndicho chakumbuka, chitasowa chimene chimafuna."

Pomwepo a Mano anaona chinthu chimene mpaka lero akachinena amayamba agwedeza mutu. Akanabwera nayo ndegeyo maso a achemwali awo akadali owala, mayiwo akanaiyang'ana ili patebulo, yachikasu, yonyezimira, n'kunena kuti wachita bwino, n'kuiika m'kabati ya magalasi. Palibe akanaikhudza. Sanganene kuti kuchedwa kwawo kunali kwabwino, poti maso a munthu si chinthu chosinthanitsa ndi nkhani, ndipo chisoni chimenecho chidakalipo. Koma anathokoza. Anathokoza zala za telala zimene sizikhulupirira nsalu yopanda msoko, anathokoza mayi wosita malaya uja, ndipo koposa zonse anathokoza kuti anali asanachedweretu.

Anapukuta m'maso ndi chikhatho, n'kukokera mpando wawo pafupi.

"Achemwali, singano muli nayo?"

"Ukufunsa telala ngati ali ndi singano? Tsegula kadirowa ka makinawo, kumanja."

Anasankha yaikulu, yosokera mathalauza a jinzi. Ndi nsonga yake analemba malire a chigamba pa penti yosalala ija, penti imene anaipopera kasanu, singano ikulira kuti tswii. Kenako anayamba kuboola timaenje, kamodzikamodzi, mzere wapamwamba woongoka bwino. Atafika pa mzere wapansi anaima. Anatenga chala cha achemwali awo n'kuchiika pafupi ndi nsonga ya singanoyo.

"Ndikhotetse pati?"

Mayiwo anayendetsa chala pang'onopang'ono, milomo ikuwerenga chamumtima, n'kuima pakatikati pa phiko.

"Apa. Tsitsa kwambiri, usaope. Apa ndi pamene bambo anakuyankhula koyamba."