Febby ndi Nyumba ya Amalume ku Mpatamatu

Febby Kangwa anafika ku Mpatamatu, komboni ya ku Luanshya, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mayi ake atangoikidwa m'manda ku Mporokoso. Anakam'tenga ndi amalume ake, Sefelino Mwaba, amene ankakumba kopa mumgodi wa ku Luanshya. Iye ankawaitana kuti Ba Yama, kutanthauza amalume m'Chibemba, ndipo anthu a mumsewu wonse anatengera dzinalo, mpaka wansembe.

Nyumba inali ya kampani: zipinda ziwiri, khitchini ndi chimbudzi chapanja. M'menemo Febby anakula limodzi ndi Kabaso, mwana yekhayo wa Ba Yama, ndipo anaphunzira kusoka. Anakwatiwa ndi dalaivala wa minibasi, nabereka mwana wamkazi, Chomba. Patatha zaka zinayi dalaivalayo anapita ku Nakonde kukagula matayala. Mpaka lero akugulabe. Febby anabwerera kwa amalume ndi mwana, makina osokera ndi mapoto atatu.

Zinthu zitavuta kumgodi, nyumba zinagulitsidwa kwa okhalamo, Ba Yama n'kukhala eninyumba. Akazi awo atamwalira, Febby ndiye ankaphika, kuchapa ndi kuwakumbutsa mankhwala. Masana ankasoka mayunifomu a sukulu pakhonde la sitolo kumsika.

Tsiku lina m'mawa, akumwa tiyi, Ba Yama anauza Febby, pomuitana ndi dzina la mwana wake, kuti, "Bana Chomba, ugule nyumbayi ndikadali ndi maso. Ndikafa, abale akumudzi adzakutulutsa usanapukute misozi."

"Ndigule ndi chiyani, Ba Yama?"

"Undipatse ya bokosi labwino la maliro ndi wailesi yatsopano. Mtengo ndi umenewo."

Kabaso, yemwe ankawotcherera zitsulo ku Solwezi, anavomera pafoni. Choncho Lolemba Febby ndi amalume ake anakwera minibasi kupita ku ofesi ya misonkho ku Ndola, Ba Yama atavala jekete la ukwati wawo.

Anawalandira mayi wina wa magalasi, wolankhula mosathamanga.

"Nyumba ikamasintha dzina pamakhala msonkho," anatero. "Mukamapatsa mkazi wanu kapena mwana wanu, timawerengera pa ndalama imene walipira, kaya ichepe bwanji. Akakhala munthu wina, timawerengera pa mtengo weniweni wa nyumbayo."

"Basi zatha," anatero Ba Yama. "Uyu ndi mwana wanga."

Mayiyo anayang'ana zitupa zawo. "Inu ndinu a Mwaba. Awa ndi a Kangwa."

"Ndi wa mlongo wanga. Wadya m'mbale yanga zaka makumi anayi."

"Ndiye kuti si mwana wanu wobereka."

"Mayi, kwanu n'kuti?"

"Ku Kasama."

"Ndiye mukudziwa kuti kwathu mwana wa mlongo ndiye magazi ako enieni. Wobereka wekhayo umangomva kwa mkazi kuti ndi wako."

"Ndikudziwa, bambo. Inenso anandilera ndi amalume. Koma pepalali silinakulire ku Kasama." Anatembenuza tsamba. "Amaloledwanso mwana wolera amene munakam'lembetsa kukhoti."

Ba Yama anatenga ndodo yawo. "Khotilo lili kuti?"

"Mwanayo ali ndi zaka zingati?"

"Makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri," anayankha Febby.

Mayiyo anawabwezera mapepala, nawauza kuti kunyumba kudzabwera munthu woyesa mtengo.

Pobwerera, minibasi itafika pamphambano ya ku Fisenge, Ba Yama anagunda ndodo pansi.

"Ndaipeza. Nyumbayi ndimupatse Kabaso, ndi mwana wanga. Kabaso apatse iwe, ukhale mkazi wake. Asuweni amakwatirana, si zachilendo."

Amayi awiri a mpando wakutsogolo anatembenuka n'kunena kuti nzeruyo ndi yabwino. Kondakitala anati iyenso ndi mbeta ngati Kabasoyo akana. Madzulo ake foni ya Febby inalira.

"Mkazi wanga wakalekale," anatero Kabaso, "ndigule suti?"

"Ugule sopo, uyambe wasamba. Ndinakwatiwapo kale ndi mwamuna wokhala kutali, zinandikwana."

Anaseka onse, nkhaniyo n'kuthera pomwepo. Koma Febby sanaseke kwenikweni. Zinam'pweteka kuti ofesi inam'tcha munthu wina m'nyumba imene ankadziwa mng'alu uliwonse wa khoma lake.

Ming'aluyo ndi imene anaganiza zodalira. Woyesa mtengo asanabwere, Febby anachotsa makalenda onse amene ankabisa khoma, nasuntha kabati kuti banga la mvula lionekere. Kenako anakhala pansi ndi amalume ake.

"Ba Yama, nyumba ikaoneka yabwino msonkho ukwera. Bamboyo akabwera, inu muzingomwa tiyi."

"Ine ndine wolongolola?"

"Muzingomwa tiyi."

Woyesa mtengo anabwera Lachinayi, bambo wamtali wonyamula tepi ndi kabuku. Febby anam'tsogolera chipinda ndi chipinda ngati akuonetsa dokotala zilonda. Apa pamadontha. Chitseko ichi chimatsekedwa ndi bondo. Bamboyo ankangogwedeza mutu n'kumalemba. Atafika pa mng'alu waukulu wa pabalaza anaimba mluzu pang'ono.

"Mazikowa ayenera kuti anatitimira," anatero. "Nyumba zakale za mgodizi zatopa."

Kapu ya tiyi inagunda patebulo.

"Yatopa ndi nyumba ya ndani?" anafunsa Ba Yama. "Ameneyo ndi pulasitala chabe. Maziko awa ndinawalimbitsa ndi simenti ndekha, matumba khumi ndi awiri. Bwerani kuno."

"Ba Yama, tiyi akuzizira."

"Azizire."

Anam'tengera bamboyo panja. Anamuonetsa mpanda wa njerwa zowotcha, chitsime chosaphwa ngakhale mu Okutobala, ndi chimbudzi chamadzi chimene anamanga ndi ndalama za penshoni. Anam'kweza pamakwerero kuti aone yekha kuti mitengo ya denga ndi ya mukwa, yosafumbwa. Anawonjezera kuti mneba wawo anagulitsa yake ndalama zambiri chonsecho inalibe ngakhale geti. Bamboyo anadzaza tsamba, natembenuza, nadzazanso lina. Pochoka anagwira Ba Yama chanza ndi manja awiri, nati sanathandizidwepo chonchi chiyambire ntchito.

Kalata ya msonkho itafika, Febby anaiwerenga ataima, kenako anaiwerenganso atakhala pansi. Msonkhowo unaposa bokosi ndi wailesi kuphatikiza pamodzi. Woyenera kulipira anali wogulitsa, koma wogulitsayo anali ndi jekete limodzi ndi ndodo.

"Aona kuti ndi nyumba yeniyeni," anatero Ba Yama, akuoneka okhutira.

Febby anawakwiyira masiku awiri. Tsiku lachitatu anapita kukapempha ntchito yosoka zovala za kwaya ku matchalitchi atatu, kuphatikizapo imene ankati amaimba ngati akukangana. Anasoka madiresi a ukwati, makatani ndi maovolosi. Chomba, yemwe tsopano anali namwino ku Kitwe, ankatumiza kangachepe mwezi ukatha. Kabaso anatumiza kamodzi, ndi uthenga woti chimenecho ndi chiwongo. Ba Yama nawo anadzipatsa ntchito yosokerera mabatani, ndipo Febby ankawamasula n'kuwasokanso iwo akapita kokagona masana.

Anamaliza patatha chaka ndi miyezi iwiri. Chikalata cha nyumba chinatuluka ndi dzina lake lonse, Febby Mwansa Kangwa. Anachikulunga m'pulasitiki, nachiika pansi pa kabokosi ka ulusi, kenako anakatseka chitseko cha kuchipinda n'kulira pang'ono. Atatuluka anakazinga kapenta.

Chaka chotsatira anasiya khonde la kumsika. Anamanga kachipinda kosokeramo pafupi ndi geti, nagula makina achiwiri, nalemba ntchito mayi wina wamasiye wa mumsewu womwewo. Ba Yama anakhalabe m'chipinda chachikulu, popeza panalibe amene anatchulapo zosamuka. Masiku ano amakhala pampando pakhomo la kachipindako, ndipo makasitomala akamadikira kuyezedwa amawauza kuti nyumbayo anaigulitsa motchipa kwambiri chifukwa wogulayo anali wochenjera.

"Imikani manja," amatero Febby kwa kasitomala, mapini ali kukamwa. "Musawamvere awo, ndi ochita lendi."