Amayi amene amasesa msewu wathu

Amayi a khomo loyandikana ndi lathu kuno ku Middlesbrough amagwira ntchito yosamalira okalamba, chonsecho nawonso imvi zili mbuu. M'mawa uliwonse amasesa msewu ngati bwalo la kwawo. Mzungu akapanda kuyankha moni wawo, amadziyankha okha mokweza: "Ndadzuka bwino, zikomo pofunsa."

Ine ndilibe mtima wotero. Anyamata ena achizungu atandilavulira pa siteji ya basi, mwana wanga Tiya ali kumsana, ndinasiya kutuluka naye. Ndinkangosuzumira pa katani, mpaka masiku a sikelo ya mwana kumandidutsa.

Tsiku limene wailesi inalengeza kuti Amereka yasankha pulezidenti wakuda, amayi aja anagogoda pakhomo panga atavala chitenje pamwamba pa jekete.

"Amake Tiya, mberekeni mwanayo, tikupita kusikelo."

"Amayi, anyamata aja ali pa siteji. Komanso za ku Amereka sizitipatsa mapepala okhalira m'dziko muno ife."

"Sizitipatsa, ndikudziwa. Koma ndakalamba ndisanaonepo tsiku lotere, ndiye sindilithera m'nyumba. Inunso ayi."

Pa siteji anaima pakati pa anyamatawo n'kuyamba kuimba nthungululu. Mmodzi anaseka, wina anatukwana. Ine ndinaima pomwepo, mwana ali kumsana. Basi itafika, amayiwo anandikankha pang'ono kuti ndikwere poyamba, ndipo ndinakhala pa mpando wakutsogolo.