Atate anga anagendedwa chifukwa cha nthabwala yanga

Inu owerenga, ine ndinaseketsa anthu ndi matenda a atate anga ondibereka, osadziwa kuti ndi matenda. Ndikulemba izi kuti wina wa pakamwa poyabwa ngati ine asadzagwe m'mene ndinagwera.

Ntchito yanga ndi yowotcherera mageti ndi mawindo pa boma pa Chongwe. Zoseketsa anthu ndimangozikonda, sizindidyetsa. Anzanga atandikakamiza, ndinayamba kupita Loweruka kumalo ena odyera ku Silverest, kumene aliyense wodzimva amapatsidwa maikolofoni kuti aimirire yekha n'kuseketsa anthu. Amene sanachitepo sangamvetse kukoma kwake. Chipinda chonse chikaphulika ndi phwete chifukwa cha iwe, umaiwala kuti ndiwe yemwe uja wa ovolosi yobooka ndi moto.

Vuto la masewerawa n'lakuti nkhani zimatha msanga. Za makondakitala a minibasi ndinazinena mpaka zinasukuluka, za eni nyumba za lendi chimodzimodzi. Nditasowa pogwira, ndinatembenukira kwathu.

Atate ndi amayi amakhala ku Nkomeshya, kumene anapatsidwa malo atachoka ku Katete ine ndisanabadwe. Atate anali munthu wolemekezeka, mkulu wa mpingo, wosalankhulalankhula. Koma chaka chimenecho anayamba kuchita zachilendo. Foni ankaika m'chitini cha mchere. Ine ankandiitana dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Kangapo anthu anawapeza m'mamawa m'minda ya eni, opanda malaya, akuti akufuna ng'ombe zawo, chonsecho ng'ombezo anagulitsa ine ndili mwana. Amayi akamandifotokozera pafoni ankadandaula, koma khutu langa lopusali linkangomva nthabwala.

Loweruka lina ndinawatsanzira atate kuyenda kwawo, kutsokomola kwawo, ngakhale mmene amagwirira chipewa. Kenaka ndinati munthu wamkulu akapezeka m'mawa m'munda mwa eni alibe malaya, ndiye kuti ndege yake ya lichero yatha mafuta ili m'mwamba. Anthu anaseka mpaka ena kugwa pamipando. Ndinabwerera kunyumba ndili wokondwa kwambiri, ndikudziona ngati ndafikapo. Sindinalabadire kuti wina anajambula pafoni, ndipo kanemayo anayenda m'mafoni mpaka anakafika kumudzi.

Ku Silverest aliyense ankadziwa kuti ndi zocheza. Kumudzi sizinamveke choncho. Kumeneko unali umboni wa mwana wonena za bambo ake, ndipo ndani angatsutse mwana wa m'nyumba? Anthu amene tinakhala nawo bwino zaka zonsezi anayamba kutalikira. Pamjigo amayi ankatunga okha, kutchalitchi benchi ya atate inkakhala ndi malo ambiri. Amayi sanandiuze chilichonse, akuti sankafuna kundisokoneza pantchito.

Tsiku lina m'mawa ndikuyatsa makina, foni inalira. Anali amayi.

"Bwela kuno manje manje. Atate ako awatema miyala. Akuti ni iwe wamene unakamba."

Atate anali atalowanso m'munda wa eni, pakhomo pamene mwana ankadwala, ndipo anyamata a pamenepo anawagenda. Anawalanditsa ndi mdala wina woyandikana nafe, amene analima nawo limodzi kuyambira kale. Nditafika ndinawapeza atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, pachipumi atawamanga nsalu, atavala jekete lawo lakutchalitchi mabatani atasemphana. Anandimwetulira ngati mlendo, n'kuuza amayi kuti andipatse madzi. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kulira.

Tinawatengera kuchipatala ku Lusaka. Adokotala anatiuza kuti ndi matenda oiwala amene amagwira ena akamakalamba, kuti sachiritsika, koma munthu amafunika kumuyang'anira ndi kumulezera mtima. Lamlungu lotsatira ndinapempha kulankhula m'tchalitchi. Ndinafotokoza za matendawo, ndinavomera kuti za lichero ndinangopeka pofuna kuwomberedwa m'manja. Ambiri anabwera kudzapepesa kwa amayi, ndipo azimayi a mpingo tsopano amasinthana kudzawathandiza. Ena mpaka lero amanong'ona kuti zinthu zoterezi achipatala saziona.

Chinatsala ndi kupepesa kwa mwiniwake. Masana ena nditatha kuwameta ndevu, ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, n'kuwaonetsa kanema uja kuti adziwe chimene ndinawalakwira. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndinkalakalaka atakalipa. Koma atate anaseka. Anaseka mpaka misozi, kuseka kumene sindinawamvepo chiyambire.

"Aseketsa uyu mnyamata," anatero. "Ni mwana wa ndani?"

Iwo anayang'anabe pafoniyo, kuseka kuja kukuzirala pang'onopang'ono. Kenaka anandigwira paphewa, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati akuopa kuti wina amva.

"Koma mdala wamene akamba uyo, alibe ana omusunga?"

Inu owerenga, sindikuti kuseketsa anthu n'koipa. Ine ndemwe ndimapitabe ku Silverest mwa apo ndi apo, ndipo ndikasowa nkhani ndimadzinena ndekha, poti uchitsiru ndili nawo wokwanira. Koma musananene za munthu wa kwanu, dzifunseni kuti mawu anuwo akafika kumene iye amatunga madzi adzamveka bwanji, chifukwa inu mukatsika pabwalo mumapita kukagona, iye ndiye amatsala nawo. Ndipo kholo lanu likayamba kuchita zachilendo, musathamangire kuseka kapena kuloza chala. Pitani nalo kuchipatala, mukhale nalo pafupi likadakudziwani.

Ine Lachisanu lililonse ndimakwera minibasi kupita ku Nkomeshya, kukawasambitsa ndi kuwameta. Amandithokoza mwaulemu, amati ndine mnyamata wabwino, makolo anga anandilera bwino. Ndawapepesa kambirimbiri ndipo nthawi zonse amati palibe kanthu, koma amene akanandikhululukira zenizeni sakundidziwanso.