Mbuzi Imene Sinadye Duwa la a Dona

Masamba anayamba kumata m'manja. Nditasuzumira kunsi kwake ndinapeza tizilombo toyera ngati thonje. Linali duwa la a Dona amene ndimawachapira zovala ku Tsangano, amalitcha orikidiya, lomera m'makungwa osati m'dothi. Popita ku Tete anandisiyira kuti ndikalisunge kwathu. Anati, "Madzi pang'ono. Tizilombo uzingopukuta ndi kansalu ka sopo."

Ine ndinaona ngati sopo n'zachibwana. Ndinatapako mankhwala amene bambo a kunyumba amapopera kachewere, n'kusungunula m'botolo la refresko, chakumwa chotsekemera chija, n'kuwaza. Botololo ndinaliiwala pansi pa tebulo.

Pochokera koyanika zovala ndinapeza Zione, wanga wa zaka ziwiri, ataligwira, akuluma chitsekerero. Mkulu wake anali pambali kudikira kuti amugawire. Ndinalanda botololo. Ndinangowanunkhiza m'kamwa, uyu, uyu, n'kubwerezanso. Sanamwe.

A Dona atabwera ndinawauza kuti duwa ladyedwa ndi mbuzi.

"Mbuzi? Ndi mphika womwe, mana?" anafunsa, kunditchula mchemwali m'Chipwitikizi.

"Eya, Dona."

Ndinangoyang'ana zala zakumapazi. Ife tilibe ndi mbuzi yomwe. Mpaka lero akandiona amafunsa ngati mbuziyo ili bwino m'mimba.

Zoona zake sindinawauze. Duwalo linali litatulutsa kamphukira katsopano kamene a Dona ankakadikirira chaka chonse. Koma masamba anali onyowa ndi mankhwala, ndipo Zione amanyambita chilichonse. Tsiku lomwelo ndinatenga botolo, duwa ndi mphika wake, n'kuponya m'chimbudzi, n'kuvundikira.