Zilembo za pa Makina a Alamu Anga

Alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, anthu amawatcha a Mbaliwali. Ena amaganiza kuti dzinalo linabwera ndi ntchito yawo yowotcherera zitsulo, koma ine amene ndinawadziwa asanagwireko chitsulo ndikuuzani kuti linachokera pakamwa pawo. Akayamba kuyankhula, umachita kufutukako pang'ono.

Kundende anapitako ndithu, ndipo sananamizire munthu. Bambo amene anakwatiwa naye ankawamenya ngati ng'oma, mpaka tsiku lina iwo anatola simbi yomwe ankasitira malaya ake n'kumuthyola nayo nsagwada. Khoti linati alakwa, iwo sanatsutse. Atalowa, anauzidwa kuti akaidi achizimayi amaphunzira kusoka. Alamu anakana, nati singano ndi ulusi zinawakwana kale kunyumba. Anavutavuta mpaka akuluakulu a ndendeyo anatopa nawo n'kuwalola kuphunzira kuwotcherera. Anatuluka ali ndi zipsera m'mikono yonse, koma chitsulo chikuwamvera.

Potuluka, boma linawapatsa makina owotcherera, chigoba chotchinga kumaso ndi magolovesi. Lamulo lake linali limodzi: makinawo osagulitsa. Wogulitsa amayankha mlandu woba katundu wa boma, kutanthauza kubwerera komwe wachokera. Ndiye m'mbali mwa makinawo analembamo zilembo zoyera, zikuluzikulu zoti ndi wakhungu yemwe angazipapase: THANDIZO LA BOMA KWA AKAIDI OTULUKA. Boma nalonso limandiseketsa. Dzanja lina likukupatsa, lina likukuloza chala kuti aliyense akuone.

Amuna anga ndi openta nyumba. Ndi munthu wabwino, koma pakamwa pa anthu amapaopa kuposa njoka. Ndi iwo amene anawapezera alamu kashedi kuseri kwa sitolo ina yogulitsa misomali ndi simenti, kutali ndi kwathu, n'kuwauza eni sitolowo kuti mlongo wawo anali kutali kuntchito. Tsiku losamutsa katundu anatsogola okha ndi makina aja. Alamu pofika anapeza makinawo akunyezimira penti wabuluu, zilembo zonse zitakwiriridwa. Ndinaona kuti zawakwiyitsa. Koma nthawi imeneyo ankagona kwathu, kudya kwathu, ndipo wapakaliyala sayimba belu. Anameza mawu, ndipo ndi tsiku lokhalo limene ndinawaona akutero.

Ntchito inayenda. Ankapanga mageti, mabedi, mafelemu a mawindo, ndipo amene ankabwera kudzaseka mzimayi wowotcherera ankabwerera atasiya oda. Koma alamu sankasangalala. Kasitomala akafunsa komwe anaphunzira, ankangotsitsa chigoba kumaso n'kuyatsa moto. Madzulo ankandiuza kuti kundende ankagona bwino kusiyana ndi kuno, chifukwa kumeneko aliyense ankadziwa chimene anachita.

Kenaka kunabwera mtsikana wa ku ofesi yoona za akaidi otuluka, kudzaona ngati makina alipo. Unali masana, msewu uli wodzaza. Ine ndinali nditabweretsa chakudya, amuna anga akupenta geti limene alamu anali atangomaliza, eni sitolo ataima pakhomo pawo. Mtsikanayo anazungulira makinawo kawiri, nkhope n'kugwa. Anayankhula motsitsa mawu, mwaulemu ndithu, kuti awa si makina amene boma linapereka. Anati ambiri amatero, kugulitsa atsopano n'kugula akale ongonamizira, ndipo kuti iye sangachitire mwina koma kukanena kupolisi.

Amuna anga anaponya burashi n'kuthamangira pamenepo, akunong'oneza kuti tilowetse makinawo kuseri kwa kashediko, akafotokoze zonse bwinobwino popanda anthu. Kunena zoona, njira imeneyo ikanatheka. Mtsikanayo anali atavomera kale ndi mutu.

Alamu anatembenukira kwa achimwene awo.

"Kuseri ndakhalako kokwanira," anatero.

Anagwira makinawo n'kuwakokera kunja mpaka m'mbali mwa msewu. Anatenga sandipepa ndi tina wosungunulira penti wa achimwene awo omwewo, n'kugwada pansi n'kuyamba kukwecha. Anthu sachedwa kusonkhana pamene pali zoonera zaulere. Penti anayamba kusupuka, ndipo mwa mawu onse aja, loyamba kutuluka linali AKAIDI. Wina anaseka. Alamu sanadzutse mutu mpaka mzere wonse unaoneka, ndipo atatha anaimirira, manja ali buluu, n'kuuza gululo kuti amene satha kuwerenga anene, amuwerengere.

Mtsikana wa boma uja anapepesa, nati makina ndi omwewo, nkhani ya polisi yatha. Anangopempha kuti zilembozo zikonzedwe chifukwa sandipepa anali atazidya. Koma eni sitolo anali atawerenga nawo. Anati malo awo sasungirapo mbava, ndipo dzuwa lisanalowe kashediko kakhale kopanda kanthu.

"Bambo, ine sindinabe," anatero alamu. "Ndinathyola munthu nsagwada. Ngati mukundithamangitsa, ndithamangitseni pa mlandu wanga weniweni."

Ine mtima unali utandikwera kale. Sindinafunse munthu. Ndinaitana wa ngolo, tinakweza makina, zitsulo ndi geti losauma lija, ulendo wa kwathu. Amuna anga ankabwera m'mbuyo ngati operekeza maliro. Titafika ndinalozera pakhonde lathu, loyang'ana kumsewu, pomwe amadutsa anzawo onse a kutchalitchi. Amunawo anatsegula pakamwa, ine ndinawayang'ana, anatseka.

M'mawa mwake alamu anatulutsa kachitini ka penti woyera ndi kaburashi kakang'ono n'kuziika patsogolo pa achimwene awo. Anati wofufuta ndi amene alembenso. Amuna anga anapempha kuti alembere m'nyumba, koma makinawo anali atamangidwa kale ndi tcheni pa mzati wa khonde. Anakhala pansi, dzuwa lili phwee, aneba akusuzumira pampanda. THANDIZO LA BOMA KWA analemba mofulumira. Atafika pa liwu lotsatira, dzanja linaima m'malere.

"Achimwene," anatero alamu mofatsa, "ine ndinakhalamo zaka. Inu mukulephera kungolemba?"

Ndinawamvera chisoni amuna anga, sindinama, ndipo ndinaona maso awo atafiira. Koma ndi mmisiri, ndipo ntchito yokhota sayitha ngakhale atakwiya. Anaviika kaburashi n'kuyamba A woyamba, pang'onopang'ono, mowongoka kuposa mmene a boma analembera.

Ali pakati, anatulukira bambo wina woyandikana nafe, uja amadziwa nkhani za aliyense. Anaima, anawerenga mokweza, n'kufunsa kuti makina a akaidi akufuna chiyani pakhomo pa munthu wopemphera. Ine ndinali nditakonza kale yankho, alamunso atapuma mpweya kuti ayambe. Koma amuna anga ndi amene anayankha, maso ali pa chilembo chomwe ankamalizitsa.

"Ndi a mlongo wanga. Anali kundende, anatuluka. Geti lanu lija lakhala likugwa chaka chonse, bweretsani akukonzereni."